Huangfu Mi

Huangfu Mi (215 – 282) anali wolemba mbiri yakale, mphunzitsi komanso katswiri wa zamankhwala wa ku China. Anabadwa kumapeto kwa ufumu wa Han, anakula mu ufumu wa Wei ndipo anamwalira mu ufumu wa Jin. Dzina limene anapatsidwa atakula linali Shi'an, ndipo iye mwini ankadzitchula kuti Xuanyan. Amadziwika kwambiri ndi buku lotchedwa Zhenjiu jiayi jing, lomwe ndi lakale kuposa mabuku onse amene alipobe ofotokoza mwadongosolo njira ziwiri zochizira matenda: kubaya thupi ndi tisingano, kumene masiku ano kumadziwika kuti acupuncture, ndi kuwotcha masamba ouma pakhungu, kumene kumatchedwa moxibustion. Huangfu Mi anadwala kwa zaka zambiri, ndipo pa nthawi ina anavutika maganizo mpaka anafuna kudzipha. Mafumu anamuitana kangapo kuti akagwire ntchito m'boma, koma anakana mpaka imfa yake.

Banja ndi ubwana wake

Huangfu Mi anabadwa m'chaka cha 215. Kwawo kunali ku Zhaona, m'chigawo cha Anding, kumpoto chakumadzulo kwa China. Lero madera awiri amalimbirana kuti malowa ali kwawo: boma la Lingtai m'chigawo cha Gansu ndi boma la Pengyang m'chigawo cha Ningxia. Iye anali mdzukulutuvi wa Huangfu Song, mkulu wa asilikali amene anatchuka pogonjetsa gulu loukira la a nduwira zachikasu m'chaka cha 184. Koma pamene Huangfu Mi ankabadwa, banjali linali litasauka ndipo ulemerero wake unali utangotsala m'dzina.

Ali mwana anatengedwa ndi bambo ake aang'ono kuti akhale mwana wawo, ndipo anasamukira nawo ku Xin'an, m'dera limene tsopano lili m'chigawo cha Henan. Zambiri za moyo wake zimachokera m'mutu 51 wa buku la Jin shu, mbiri ya ufumu wa Jin imene inamalizidwa m'chaka cha 648. Bukuli limanena kuti mpaka atakwanitsa zaka 20 mnyamatayu sankafuna kuphunzira. Ankangoyendayenda tsiku lonse, moti anthu ena ankamuyesa chitsiru.

Tsiku lina anapeza zipatso n'kukapatsa mayi ake aang'ono, amene anali a fuko la Ren. Mayiwo sanakondwere nayo mphatsoyo. Anamuuza kuti ngakhale mwana atamapatsa makolo ake nyama tsiku ndi tsiku, sangatchedwe womvera ngati moyo wake ulibe kolowera. Anamukumbutsa za mayi ake a Mencius, amene anasamuka katatu pofunafuna malo abwino olereramo mwana, ndipo anadzifunsa ngati iwowo ndi amene analakwitsa polera. Kenako analira pamaso pake. Misozi imeneyi inamulasa mtima Huangfu Mi, ndipo anapita kukaphunzira kwa munthu wina wa m'deralo dzina lake Xi Tan.

Maphunziro ndi umphawi

Popeza pakhomo panalibe chuma, Huangfu Mi ankalima yekha, ndipo popita kumunda ankanyamula buku. Pang'ono ndi pang'ono anawerenga mabuku a Confucius ndi otsatira ake, mabuku a mbiri yakale ndi a anzeru a magulu osiyanasiyana. Khalidwe lake linasintha: anakhala munthu wofatsa, wosalankhulalankhula ndiponso wosakhumbira zambiri. Ankawerenga mpaka kuiwala kudya ndi kugona, moti anthu anam'patsa dzina lomunena kuti ndi chidakwa cha mabuku. Ena atamuchenjeza kuti adzawononga thanzi lake, iye anayankha kuti kutalika kwa moyo wa munthu kuli m'manja mwa kumwamba.

Anzake ankamulimbikitsa kuti azicheza ndi anthu otchuka n'cholinga choti dzina lake limveke. Iye analemba nkhani yotchedwa Xuanshou lun powayankha. M'nkhaniyo ananena kuti munthu amene amadya malipiro a wina amasenzanso nkhawa za winayo, ndiponso kuti umphawi si chinthu chachilendo kwa munthu wophunzira.

Nkhani ina imasonyeza mmene ankaonera maudindo. Msuweni wake, Liang Liu, anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Chengyang, ndipo anthu anauza Huangfu Mi kuti amukonzere phwando lotsanzikana. Iye anakana. Anafotokoza kuti pamene Liang Liu anali munthu wamba ankabwera kudzacheza, ankadya ndiwo zamasamba zothira mchere, ndipo pochoka sankaperekezedwa kupitirira pakhomo. Kumuchitira phwando tsopano kukanatanthauza kulemekeza udindowo n'kupeputsa munthuyo.

Kukana ntchito za boma

Huangfu Mi anakhala m'nthawi ya nkhondo ndi miliri. Ufumu wa Han unatha m'chaka cha 220 ndipo dziko linagawika patatu: Wei, Shu ndi Wu. Mu ufumu wa Wei, banja la Sima linalanda mphamvu m'chaka cha 249 n'kupha nduna zambiri. M'chaka cha 260 mfumu yachinyamata Cao Mao inaphedwa itayesa kulimbana ndi Sima Zhao, ndipo patangopita zaka zochepa wolemba wotchuka Ji Kang anaphedwa. Munthu wophunzira akalowa m'boma ankaika khosi lake pangozi, koma kukana kuitana kwa olamulira kunalinso koopsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 260, Sima Zhao anaitana anthu ophunzira 37 kuti apatsidwe maudindo. Onse anapita kupatula Huangfu Mi. Abale ake ndi akuluakulu a m'dera atamukakamiza, analemba nkhani ina yotchedwa Shiquan lun, yofotokoza kuti dziko lolamulidwa bwino limakhala ndi malo a anthu otumikira komanso a anthu odzipatula, ndiponso kuti iye ndi wodwala.

Sima Yan, mwana wa Sima Zhao, atakhazikitsa ufumu wa Jin kumayambiriro kwa chaka cha 266 ndi kukhala Mfumu Wu, anamuitananso mobwerezabwereza. Huangfu Mi anayankha ndi kalata yofotokoza matenda ake mwatsatanetsatane, ndipo mfumuyo inamulola kukhala kwawo. Kenako analembera mfumu kupempha kuti imubwereke mabuku, ndipo inamutumizira ngolo yodzaza. Pakati pa 275 ndi 280 anapatsidwanso maudindo angapo, kuphatikizapo wothandiza mwana wa mfumu amene adzalowe ufumu ndi wolemba mbiri wa boma. Sanalandire ngakhale umodzi.

Matenda ake

Ali ndi zaka za m'ma 40, pakati pa 256 ndi 260, Huangfu Mi anagwidwa ndi matenda amene madokotala a nthawiyo ankawatchula kuti fengbi, kutanthauza kuuma ndi kuphwanya kwa ziwalo kumene ankakhulupirira kuti kumabwera ndi mphepo. Mawu oyamba a buku la Zhenjiu jiayi jing amanena kuti anagonthanso makutu kwa masiku 100, ndipo mankhwala amene ankapatsidwa anawaona kuti ndi osazama. M'kalata yake yopita kwa Mfumu Wu analemba kuti mbali imodzi ya thupi lake inali itachita dzanzi ndipo mwendo wake wamanja unali utachepa kwa zaka 19.

Vuto lachiwiri analiitana yekha. Pa nthawiyo anthu apamwamba ankakonda kumwa ufa wotchedwa hanshi san, kutanthauza ufa wa chakudya chozizira. Ufawu unkapangidwa popera miyala ya mitundu isanu, monga sulufule, miyala yolendewera m'mapanga ndi miyala yonyezimira ya quartz. Amene anautchukitsa anali nduna He Yan, yemwe anaphedwa m'chaka cha 249. Anthu ankati umatsitsimula maganizo ndi kulimbitsa thupi, koma unali ndi poizoni. Munthu akamwa thupi linkatentha kwambiri, choncho ankayenera kudya zozizira, kusamba madzi ozizira, kuvala zopepuka ndi kuyendayenda. Vinyo yekha ndi amene ankayenera kumwedwa wotentha. Kulakwitsa limodzi la malamulowa kunkatha kupha munthu. Nduna yotchuka yojambula mapu, Pei Xiu, inamwalira m'chaka cha 271 itamwa vinyo wozizira pambuyo pa ufawu.

Huangfu Mi anauza mfumu kuti anamwa ufawu mosatsata ndondomeko yake ndipo anazunzika nawo kwa zaka 7. M'nyengo yachisanu ankavula zovala n'kumadya madzi oundana. M'nyengo yotentha ankasowa mtendere, ankatsokomola, thupi linkatupa ndipo manja ndi miyendo zinkalemera.

Kuvutika maganizo

Ufawu unasokonezanso maganizo ake. Jin shu imanena kuti ankafooka kwambiri, ndipo tsiku lina, atadzazidwa ndi chisoni ndi ukali, anatenga mpeni kuti adziphe. Mayi ake aang'ono anamudandaulira mpaka anasiya. Aka kanali kachiwiri kuti mayi amenewa asinthe njira ya moyo wake.

Iye mwini analemba za ufawu, ndipo mbali yaikulu ya zimene analembazo inasungidwa m'buku la zamatenda la Chao Yuanfang la m'chaka cha 610. Mmenemo anatchula anthu amene anawonongeka nawo, mmodzi mwa iwo ali m'bale wake, ndipo anandandalika zizindikiro za poizoniyo ndi zoyenera kuchita pa chilichonse. Anafotokozanso kuti iye ankalira chakudya chili patsogolo pake, kuti achibale ndi amene anamulanda mpeni, ndiponso kuti atakhala pansi n'kuganiza anadzikakamiza kudya zozizira ndi kumwa madzi mpaka vutolo linachepa. Anachenjeza kuti wodwala akafika pamenepa sazindikira bwino zimene akuchita, choncho omusamalira asaope kumukakamiza ngakhale atakwiya. Nkhaniyi ndi imodzi mwa zolemba zakale kwambiri za ku China zimene wodwala akufotokoza yekha mmene mankhwala anamufikitsira pofuna kudzipha.

Buku la Zhenjiu jiayi jing

Atakhumudwa ndi chithandizo chimene analandira, Huangfu Mi anayamba kufufuza mabuku a zamankhwala. Anapeza kuti mabuku akale anali osokonekera, obwerezabwereza ndiponso ovuta kugwiritsa ntchito pamene munthu wadwala. Anatenga mabuku atatu. Awiri oyamba anali Suwen ndi Zhenjing, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Lingshu, ndipo awiriwa pamodzi amapanga buku lotchuka la Huangdi neijing. Lachitatu linali buku la Mingtang, lofotokoza malo obaya ndi owotcha. Anachotsa zobwereza, ndipo ndime zokamba nkhani imodzi anaziika pamodzi.

Buku limene lilipo lero lili ndi zigawo 12 ndi mitu 128. Chigawo choyamba chimakamba za ziwalo za m'kati mwa thupi, magazi ndi qi, imene madokotala a ku China ankaiona ngati mphamvu ya moyo yoyenda m'thupi. Chachiwiri chimafotokoza tinjira timene qi imadutsamo. Chachitatu chimandandalika malo obaya. Chachinayi ndi cha kupima matenda, makamaka pogwira kugunda kwa mtsempha wa pamkono. Chachisanu ndi cha singano za mitundu 9 ndi kagwiritsidwe kake, ndipo chachisanu ndi chimodzi ndi cha zoyambitsa matenda. Zigawo 6 zotsalazo zimatenga matenda amodziamodzi: kutentha thupi, kupweteka kwa mutu, msana ndi m'mimba, kutupa, misala, matenda a maso, makutu ndi mano, a amayi ndi a ana.

Chigawo chachitatu ndi chimene chinathandiza kwambiri madokotala. Huangdi neijing imatchula mayina a malo obaya pafupifupi 160, pamene Zhenjiu jiayi jing ili ndi 349. Mwa amenewa, 300 amapezeka kumanja ndi kumanzere ndipo 49 ali pamzere wapakati pa thupi. Malo a kumutu, kumsana, pachifuwa ndi pamimba anaikidwa motsata mizere ya m'deralo, ndipo a m'manja ndi m'miyendo anaikidwa motsata tinjira ta qi. Pa malo alionse bukuli limatchula pamene ali, kuya kumene singano iyenera kulowa, nthawi imene iyenera kukhalamo, yomwe ankaiyeza powerenga kupuma kwa munthu, ndi chiwerengero cha timiulu ta masamba toyenera kuwotchedwa. Buku la Mingtang linatayika, ndipo zambiri zimene zinali mmenemo zimadziwika lero chifukwa cha ntchito imeneyi.

Masamba owotchawo ndi a chomera chotchedwa ai, cha m'gulu la Artemisia. Amaumitsidwa ndi kupunthidwa mpaka afewe ngati thonje, kenako amaumbidwa timiulu tating'ono timene amaika pakhungu n'kuyatsa. Chomerachi ndi chachibale ndi qinghao, mmene mumachokera artemisinin wopangira mankhwala a malungo a LA.

Bukuli limaperekanso malamulo oletsa. Pamchombo ndi pansonga ya bere sipayenera kubayidwa. Malo otchedwa Shenting, amene ali pamwamba pa mphumi poyambira tsitsi, ankaloledwa kuwotchedwa koma osabayidwa, poopa kuti wodwala angasokonezeke mutu. Munthu woledzera, wanjala, waludzu, wokhuta kwambiri, wotopa kapena wokwiya sayenera kubayidwa. Amene wachita mantha aakulu ayambe wakhazika mtima pansi, ndipo amene wabwera wapansi kuchokera kutali ayambe wapuma.

Zimene bukuli limanena za chisoni ndi mantha

Mutu woyamba wa buku lonse ukukamba za maganizo. Wolembayo anayamba ndi ndime ya mu Lingshu yophunzitsa kuti wobaya singano ayambe waona mmene mzimu wa wodwala ulili. Malinga ndi chiphunzitso chimenechi, maganizo sakhala m'mutu koma m'ziwalo zisanu: mtima, chiwindi, kapamba, mapapo ndi impso. Chiwalo chilichonse chili ndi mbali yake ya umunthu ndiponso mkhalidwe umene umachipweteka ukapitirira muyeso. Mkwiyo umagwirizana ndi chiwindi, chimwemwe ndi mtima, kuganizaganiza ndi kapamba, chisoni ndi mapapo, ndipo mantha ndi impso. Mutuwu umafotokoza kuti nkhawa yosatha imatseka njira za qi kotero kuti siyenda, ndipo munthu amayamba kuwonda ndi kulephera kunyamula manja ndi miyendo.

Mutu wachisanu wa chigawo cha 9 ndi wa chisoni, mantha, kuusa moyo, kuwawa m'kamwa, kusakondwa ndi kudzidzimuka. Pa gulu lililonse la zizindikiro pali malo ake ochizira. Munthu amene mtima ukumugunda mosakhazikika, wamantha ndi wachisoni, ankathandizidwa pa Neiguan, chakumtunda pang'ono kwa mfundo ya dzanja, mbali ya m'kati. Wosakondwa, womva kuzizira ndi wousa moyo kawirikawiri ankathandizidwa pa Shangqiu, pafupi ndi kakolo, chifukwa vutolo ankaliona ngati kufooka kwa kapamba. Xingjian, pakati pa chala chachikulu cha kuphazi ndi chinzake, inali ya munthu wachisoni amene nkhope ndi mapazi zikumutentha. Zhaohai, m'munsi mwa kakolo, inali ya munthu wachisoni amene akumva ngati akugwa, nkhope yada ndipo ali ndi njala koma safuna kudya. Rangu, m'mphepete mwa phazi, inali ya amene akuchita mantha ngati kuti wina akubwera kudzamugwira.

Mavuto amenewa bukuli linawalekanitsa ndi misala ndi khunyu, zimene zili m'chigawo cha 11, komanso ndi kusowa tulo ndi kugona kwambiri, zimene zili m'chigawo cha 12. Izi zikusonyeza kuti madokotala a nthawiyo ankaona chisoni chokhalitsa ngati matenda oyenera kuchizidwa ngakhale munthu asanafike pochita misala. Komabe magulu amenewa safanana ndendende ndi matenda ovutika maganizo mmene achipatala amawadziwira lero, chifukwa zizindikiro za m'thupi ndi za m'maganizo zinkawerengedwa pamodzi. Chiphunzitso cha yu, kutanthauza kutsekeka kwa qi, chinakulitsidwa pambuyo pake ndi madokotala monga Zhu Zhenheng wa m'zaka za m'ma 1300, ndipo liwu lomweli lili m'dzina la Chitchaina chamakono la matenda ovutika maganizo.

Mabuku ake ena

Anthu a m'nthawi yake ankamudziwa Huangfu Mi makamaka ngati wolemba mbiri. Buku lake la Diwang shiji linafotokoza mafumu a ku China kuyambira a m'nthano zakale mpaka a ufumu wa Wei, ndipo linali ndi ziwerengero za anthu ndi minda. Bukuli linatayika, koma olemba ambiri anakoperamo ndime, ndipo akatswiri a m'zaka zapambuyo pake anazisonkhanitsa. Gaoshi zhuan ndi mbiri ya anthu amene anakana maudindo n'kusankha moyo wodzipatula, ndipo buku limene lilipo lero lili ndi anthu oposa 90. Analembanso Lienü zhuan, mbiri ya amayi otchuka. Nkhani yake ya Pang E, mayi wa ku Jiuquan amene anabwezera imfa ya bambo ake n'kukadzipereka yekha kwa oweruza, inasungidwa m'ndemanga za Pei Songzhi pa mbiri ya maufumu atatu. Xuanyan chunqiu linali buku la zochitika za m'moyo wake.

Mawu ake ankalemera kwambiri pakati pa ophunzira. Zuo Si atatha zaka 10 akulemba ndakatulo yake ya malikulu atatu, anthu sanaiwerengere. Jin shu imanena kuti Huangfu Mi atailembera mawu oyamba, ndiponso akatswiri ena ataiyamikira, mabanja olemera anapikisana poikopera mpaka mapepala anakwera mtengo mumzinda wa Luoyang. Mwa ophunzira ake munali Zhi Yu, amene anadzakhala wolemba ndi nduna, ndi Zhang Gui, amene banja lake linadzalamulira dziko la Liang kumpoto chakumadzulo.

Imfa ndi maliro

Atakalamba, Huangfu Mi analemba malangizo a maliro ake m'nkhani yotchedwa Duzhong. Analamula kuti akamwalira m'mawa aikidwe madzulo, ndipo akamwalira madzulo aikidwe m'mawa. Sanafune bokosi, zovala zatsopano kapena kusambitsidwa. Thupi lake linayenera kukulungidwa mumphasa, kumangidwa ndi chingwe kumutu ndi kumiyendo, n'kuikidwa m'dzenje lokumbidwa pamalo osalimidwa. Pamwamba pake sipanayenere kukhala mtumbira kapena mitengo, koma dothi lisalazidwe ndi udzu ubwezeretsedwe kuti pasadziwike. Chinthu chimodzi chokha chimene analola kuti chilowe naye m'manda chinali buku la Xiaojing, lophunzitsa za kulemekeza makolo. Chifukwa chake chinali chakuti chuma cha m'manda sichithandiza wakufa, koma chimaitana akuba amene amafukula mtembo n'kuuchititsa manyazi.

Anamwalira m'chaka cha 282 ali ndi zaka 68 mwa kawerengedwe ka Chitchaina. Ana ake, Tongling ndi Fanghui, anatsatira malangizowo. Fanghui anatengera bambo ake pa moyo wodzipatula, ndipo nkhondo zitabuka anathawira ku Jingzhou, kumene bwanamkubwa Wang Yi anamupha chifukwa sanapite kukamulonjera. Ngakhale Huangfu Mi anafuna manda osadziwika, ku Lingtai kuli mtumbira umene anthu amaulemekeza ngati manda ake.

Mbiri ya bukuli iye atamwalira

Mu ufumu wa Tang, Zhenjiu jiayi jing inali m'gulu la mabuku ophunzitsira madokotala a boma, ndipo Sun Simiao anaitchula pakati pa mabuku amene dokotala aliyense ayenera kuwadziwa. Sukulu ya zamankhwala imene ufumu wa Silla ku Korea unakhazikitsa m'chaka cha 692 inkaphunzitsa bukuli, ndipo malamulo a ku Japan a m'zaka zoyambirira za m'ma 700 analiika pa ndandanda ya mabuku a ophunzira zamankhwala. Mu ufumu wa Song, Wang Weiyi anaumba zifanizo ziwiri za anthu zamkuwa m'chaka cha 1027 zosonyeza malo obaya, ndipo anangowonjezera malo ochepa pa amene anali kale m'bukuli. Lin Yi ndi anzake analikonzanso ndipo linasindikizidwa m'chaka cha 1069. Mabuku onse amene alipo lero anachokera ku ntchito yawo. Ndandanda ya masiku ano, imene bungwe la World Health Organization linavomereza, ili ndi malo 361, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi mayina omwe aja. M'chaka cha 2010 bungwe la UNESCO linaika njira ziwirizi pa ndandanda ya chikhalidwe cha anthu choyenera kusungidwa.

Akatswiri ena amakayikira ngati Huangfu Mi ndiye analembadi bukuli. Mbiri yake ya mu Jin shu imatchula mabuku ake ambiri koma ili sililipo, ndipo ndandanda ya mabuku ya ufumu wa Sui imalitchula popanda dzina la wolemba. Dzina lake limapezeka m'ndandanda ya mabuku ya mbiri ya ufumu wa Tang. Ena amayankha kuti olemba mbiri a nthawiyo sankaona zamankhwala ngati ntchito yotamandika kwa munthu wophunzira, ndiponso kuti matenda otchulidwa m'mawu oyamba a bukuli akugwirizana ndi a m'kalata yake yopita kwa mfumu. Madokotala ambiri a ku China akupitiriza kumuona ngati mwini bukuli.

Kafukufuku wa masiku ano

Malo monga Neiguan akugwiritsidwabe ntchito ndi ochiza ndi singano pothandiza anthu ovutika maganizo, ndipo asayansi ayesa kuona ngati zimathandizadi. Kafukufuku wa ku yunivesite ya York ku England, amene anafalitsidwa m'chaka cha 2013, anali ndi odwala 755. Anapeza kuti patatha miyezi itatu, amene anabayidwa singano ndi amene analandira uphungu anapezako bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse chokha. M'chaka cha 2018 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 64 wokhudza anthu 7,104. Linapeza kuti singano zingachepetse vutoli poyerekeza ndi kusalandira chithandizo, koma kusiyana kwake kunali kochepa poyerekeza ndi kubaya konamizira. Linanenanso kuti umboni wambiri unali wosalimba chifukwa cha mmene kafukufukuyo anachitikira. Sayansi sinapeze tinjira ta qi m'thupi la munthu. Singano zosaphikidwa zingafalitse matenda ndipo kuwotcha masamba kungasiye zilonda, choncho achipatala salola kuti njirazi zilowe m'malo mwa uphungu ndi mankhwala kwa munthu amene wadwala kwambiri kapena amene akuganiza zodzipha.